Kodi amayi amaposa abambo poona zinthu mmene mnzawo akuzionera?

Nangondo, Rosettenville:
Moni nonse. Sabata yatha mlamu wanga anafika pa Park Station, siteshoni ya mabasi ya ku Joni, kuchokera ku Mangochi, ndipo bambo a kunyumba anamuuza pa foni kuti apite ku Bree akakwere takisi, ngati kuti munthu wongotsika basi amadziwa kale kumene Bree ili. Nditalanda foniyo, ndinayamba ndamufunsa zimene akuona kutsogolo kwake, ndipo anafika bwino. Kodi n'zoona kuti abambo amavutika kuika pambali zimene iwo akudziwa?

Aphiri, Yeoville:
Mayi, pamenepa pali ntchito ziwiri: kutontholetsa zimene iwe ukudziwa, kenako kulingalira zimene mnzako akudziwa. Mu 1983 akatswiri a zamaganizo Heinz Wimmer ndi Josef Perner anafotokozera ana nthano ya mnyamana amene chokoleti chake chinasunthidwa iye atachokapo, ndipo ana aang'ono ambiri ankati akachifuna kumene iwo akudziwa kuti chili. Luso lozindikira kuti mnzako sakudziwa zimene iwe ukudziwa limakhazikika mwana akamakwanitsa zaka 4. Mu 2005 Dana Samson ndi anzake analemba za bambo wina amene sitiroko inamuwononga mbali yakutsogolo ya ubongo, kudzanja lamanja. Ankatha kuzindikira kuti mnzake akulakwitsa za malo a chinthu chobisika pokhapokha ngati iye mwini sakudziwa pamene chinthucho chili; akangodziwa, ankalephera. Zimene zinachitikira bambo anu ndi ntchito yoyambayo: Joni akumudziwa kwambiri moti kusamudziwa anakuiwala.

Nabanda, Turffontein:
Pa za amuna ndi akazi, kusiyana kulipo koma n'kochepa. Pa mayeso a Simon Baron-Cohen, amene munthu amaona zithunzi 36 za maso okha n'kunena zimene mwini masowo akumva, akazi amapambana pang'ono tikatengera gulu lonse, koma amuna ambiri amaposa akazi ambiri. Chimene chimandichititsa chidwi ndi kafukufuku wa Kristi Klein ndi Sara Hodges wa mu 2001: atalonjeza ndalama kwa amene angalondole maganizo a mnzake, amuna anachita mofanana ndi akazi. Kwa ine, izi zikusonyeza kuti mutu ulibe vuto, koma mwana wamkazi kwathu amakula akuuzidwa kuti aziyang'ana nkhope ya mlendo asanapereke madzi.

Achisale, Mayfair:
Amayi, musatiweruze msanga. Ine ndimasoka zovala, ndipo kasitomala akamafotokoza diresi limene likadali m'mutu mwake, sindiphonya kawirikawiri. Komabe ndivomere kuti mayi a kunyumba akawerenga mawu a Nabanda, andifunsa ngati nawonso azindilipira kuti ndiwamvetse.