Makolo akufuna mabuku awiri achoke pasukulu: mphamvu imeneyi ili ndi ndani?

Kholo la ku Luchenza

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pasukulu ina ya pulayimale kuno kwathu, makolo pamsonkhano wa PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi) amanga mfundo yoti mabuku awiri achoke. Lina ndi la Life Skills la makalasi akuluakulu, ati mutu wa kutha msinkhu ukulaula ana. Linalo ndi la nthano, linabwera m'katoni ya mabuku a chithandizo, ndipo muli za mfiti ndi zithunzi zoopsa. Ena akuti awotchedwe, ena akuti ahedi angowakhomera m'kabati. Kodi makolofe tili nayo mphamvu imeneyi? Ngati tilibe, dandaulo lathu lidzere kuti?

Mphunzitsi wopuma, Chitakale

Bambo, mabuku awiriwo musawamange mtolo umodzi, chifukwa eni ake ndi osiyana. Ine ndiyankhapo za la Life Skills.

Limenelo ndi buku la silabasi. Silabasi ya pulayimale ndi mabuku ake amazikonza ku Malawi Institute of Education ku Domasi, Unduna wa Zamaphunziro n'kuvomereza. Ahedi, komiti ya sukulu ngakhalenso PTA sangalichotse. Komanso a MANEB pokonza mayeso a Sitandade 8 amatsata silabasi yomweyo. Mukalikhomera m'kabati, funso la mutu umenewo libwerabe, ndipo amene adzagwire njakata ndi ana anu okha pamene a sukulu yoyandikana nayo akuyankha. Zowotchazo ndiye musayerekeze. Buku lili ndi chidindo, linalembedwa m'kaundula wa katundu wa boma, ndipo likasowa wofunsidwa ndi ahedi.

Njira yodandaulira ilipo. Lembani kalata, musangolankhula pamsonkhano. M'kalatamo mukhale dzina la buku, sitandade, nambala ya tsamba, ndi mawu enieniwo amene akukuvutani, mutawakopera monga alili. Wapampando wa komiti asayine, ipite kwa ahedi, inu musunge kope. Zikakanika pasukulu, ahedi amaitengera kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, iwo n'kuipititsa ku ofesi ya maphunziro kuboma, kumene ambiri timangoti kwa a DEM. Likadakhala la sekondale, bwenzi ikufika kudivishoni ya Shire Highlands ku Mulanje.

Chimene chimagwetsa madandaulo ambiri n'choti odandaulawo bukulo sanaliwerenge. Wina wajambula tsamba limodzi n'kuponya pa WhatsApp, mudzi wonse wayaka moto. A PEA akafunsa kuti tsamba lanji, anthu n'kumayang'anizana. Likawerengedwa bwinobwino, kawirikawiri mumapeza kuti cholakwika si buku koma kaphunzitsidwe. M'kalasi imodzi mumakhala mwana wa zaka 11 ndi mnzake wa zaka 16. Mphunzitsi wamwamuna akamasulira mawu a Chingerezi m'Chichewa chosaphimba pamaso pa onsewo, anyamata akumbuyo n'kuyamba kuseka, mtsikana amakafotokoza kunyumba kuti aphunzitsi atukwana. Zimenezi ndiye zili m'manja mwanu. Pemphani kuti pa mutu umenewo atsikana akhale paokha ndi mphunzitsi wamkazi, anyamata paokha, komanso kuti aphunzitsi ndi amayi a Mother Group (gulu la amayi loyang'anira atsikana pasukulu) ayambe agwirizana mawu aulemu oti agwiritse ntchito. Izi sizifuna chilolezo cha ku Lilongwe.

Wosamala laibulale, Thyolo Boma

Aphunzitsi afotokoza bwino. La nthanolo ndi nkhani ina, sukulu ikhoza kugamula yokha poti si la silabasi. Koma chigamulocho chisachitike ndi kuimika manja pamsonkhano wa anthu okwiya.

Sankhani anthu 5: aphunzitsi awiri, kholo limodzi la m'komiti, mayi mmodzi wa Mother Group, ndi mmodzi mwa odandaulawo. Aliyense aliwerenge lonse, kuyambira pachikuto mpaka kumapeto, muwapatse masabata awiri. Akakumana ayankhe zinthu zitatu. Bukuli analembera ana a msinkhu wanji? Choipacho nkhaniyo ikuchitamanda kapena ikuchidzudzula? Vuto ndi mawu kapena zithunzi? Funso lachiwirilo ndiye lofunika kwambiri, chifukwa nthano zathu zomwe za pamoto zadzaza afisi, mizukwa ndi mfiti, koma mwana amatolamo mwambo. Akatero asankhe: libwerere pashelefu, kapena likwere kushelefu ya Sitandade 7 ndi 8, kapena lichoke. Chifukwa chake chilembedwe m'maminitsi, kuti chaka chamawa nkhani isadzayambirenso pachiyambi. Mabuku a m'makatoni ambiri amabwera osasankhidwa, ena analembera akusekondale, ndiye kungowaika pamsinkhu wake kumathetsa mkangano. Kholo limene silikukhutirabe liuze wobwereketsa mabuku kuti mwana wake asapatsidwe limenelo. Ufulu umenewo lili nawo pa mwana wake, osati pa ana a eni.

Ndikulimbikira za ndondomekozi chifukwa dziko lino linadutsamo. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu, ndipo mabuku ambirimbiri analetsedwa. Mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987, n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu, buku lake la ndakatulo litachotsedwa kale m'masitolo ndi m'malaibulale. Malamulo aakulu a dziko a 1994 ndiwo anabwezeretsa ufulu wofotokoza maganizo, pa ndime 35. Tisazolowetse ana kuona buku likupsa chifukwa akulu akwiya nalo.

Za kabatizo, kuno kabati yokhoma ndi manda a mabuku. Chiperoni chikagwa masiku atatu, mapepala amamwa chinyezi, amachita chuku n'kumatirirana, chiswe n'kumalizitsa kuchokera pansi. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anatiphera kale mabuku ochuluka m'sukulu za Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Ngakhale buku lodikira chigamulo likhale pathabwa lokwera masentimita 30 kuchokera pansi, lisagunde khoma, ndipo kabatiyo izitsegulidwa dzuwa likawala.

Mayi wa Mother Group, Chonde

Zonsezo ndamva, koma tisawaone makolowo ngati osadziwa kanthu. Kwathu kuno nkhani za thupi zili ndi nthawi yake ndi eni ake, anankungwi, azakhali, alangizi a kumpingo. Kholo likamva mwana wa Sitandade 5 akutchula zimenezo pa nsima, kudzidzimuka n'koyenera. Chosowa n'choti sukulu siwachenjeza. Teremu ikamayamba, ahedi awauze makolo mitu imene ikubwera, kuti mayi ayambe wakhala pansi ndi mwana wake. Akakamva kukalasi zikhale zobwereza.

Komano bambo, udindo wathu usathere pa kuletsa. Makolo amene amabwera mwaunyinji kudzachotsa buku, ndi angati amene amadziwa tsamba limene mwana wafika? Chiyambire National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsira ana kuwerenga, mu 2016, ana a Sitandade 1 mpaka 4 amayamba ndi maliwu a malembo, kenako maphatikizo, kenako mawu. Kunyumba mphindi 15 patsiku zikwanira. Nyengo ya mvula tiyi akachuluka, ambiri amaweruka kuesiteti atatheratu, ndiye nthawi yabwino ndi pamene ndiwo zili pamoto, kusanade. Mwana akhale pamkeka pafupi nanu, aziwerenga mokweza, chala chili pansi pa mawu. Akakakamira musamuuze msanga, werengani manambala mumtima mpaka 5, kenako aphwanye mawuwo: nyu-mba, mpha-sa. Ana ambiri amaloweza tsamba ngati nyimbo, ndiye nthawi zina mulozereni mawu a pakati kapena muyambitse mzere wapansi. Mukamukalipira kapena kumukwapula, mawa buku alisiya kusukulu dala.

Kholo losadziwa kuwerenga lisadzichotsere. Limvetsere, likatero lifunse kuti nkhaniyo ikukamba za yani, chinachitika n'chiyani, iwe ukadatani. Mwana afotokoze m'Chichewa kapena m'Chilhomwe, zonse n'zabwino, bola zioneke kuti wamva. Mukamachita zimenezi, buku lokayikitsa mumaligwira nokha lisanafike pa WhatsApp. Ndipo foni imene mumamubwereka madzulo muziyang'anamo, muli zambiri zoposa za m'katoni ija.

Kholo la ku Luchenza

Zikomo nonse, ndatolapo zambiri. Nanga pamene anthu 5 aja akuwerenga, bukulo likhale kuti? Makolo ena sadzalola kuti libwerere pashelefu.

Wosamala laibulale, Thyolo Boma

La nthanolo likhale muofesi ya ahedi masabata awiriwo, lilembedwe m'kaundula kuti likuunikidwa, ndi tsiku lodzapereka yankho. Kholo lililonse lofuna kuliona libwere lidzawerengere pomwepo, lisatuluke nalo. Ngati kope ndi limodzi, aliyense mwa asanuwo asunge masiku awiri n'kusayina pobweza. La Life Skills lipitirire kugwira ntchito m'kalasi pamene kalata yanu ikuyenda, kungoti aphunzitsi akhoza kuyamba aphunzitsa mitu ina mpaka mutagwirizana za kagawidwe ka atsikana ndi anyamata.