Ndisiye ntchito ya pamwezi n'kuyamba kulipidwa pa phukusi?

Abale anga, makamaka inu amene munayendetsapo vani yoperekera katundu, ndigawireni nzeru. Ndili pa kampani ina yonyamula maphukusi. Malipiro ndi ochepa koma amabwera tsiku lake, vani ndi yawo, mafuta ndi awo, ndikadwala ndimapita kuchipatala mtima uli m'malo. Tsopano kwabwera bambo wina amene ali ndi kontirakiti ndi kampani yaikulu, akufuna madalaivala a vani yawoyawo, azilipira pa phukusi lililonse lofika kwa mwiniwake. Papepala ndalamazo zikuposa zanga. Koma vaniyo ndi ya ngongole, ndipo mayi a kunyumba sakugona nayo tulo nkhaniyi.

Chikundivuta kwambiri ndi m'mawa. Ku depoti timadikira thiraki, kenako kusankhula maphukusi malinga ndi misewu, kuwasikana ndi kamakina, kupakira. Panopa nthawi imeneyo ndimalipidwa. Bamboyu ndamufunsa, akungozemba. Amene munalowamo, zinakuyenderani bwanji?

Dalaivala wakale:
Achimwene, musanasaine afunseni za phukusi lobwerera. Mwafika pageti, galu akuuwa, belu silikulira, foni sakuyankha. Mafuta mwawotcha, nthawi yapita, koma pa phukusi limenelo simulandira kanthu, mawa mubwereranso. Likasowa kapena kasitomala akakana kuti sanalandire, amadula kwa inu. Afunseninso za tsiku lodwala. Ku Britain kampani ya DPD inkalipiritsa madalaivala oima paokha £150 akajomba osapeza wowalowa m'malo. Inasiya mu 2018, dalaivala wina wodwala shuga atamwalira, yemwe ankaphonya kuonana ndi dokotala poopa chindapusacho. Nkhani imeneyi imandipwetekabe.

Mayi wowerengera ndalama:
Ine ndimasunga mabuku a kampani yaing'ono yotereyi, ndiye ndimaona kumene ndalama imathera. Ogula anazolowera kubweretseredwa katundu mawa lomwe, mwinanso ulere. Makampani akuluakulu amalimbirana msikawo potsitsa mtengo, n'kukankhira vani, inshulansi ndi ngozi kwa makontirakita, iwonso n'kukankhira kwa dalaivala. Kampani yogulitsa katundu pa intaneti ya Amazon inayamba kugwiritsa ntchito timakampani totere mu 2018, ndipo pofika 2022 inali itapitirira kampani yonyamula katundu ya UPS pa kuchuluka kwa maphukusi ku America. Germany inachita kukhazikitsa lamulo mu 2019 loti kontirakita akalephera kulipirira dalaivala inshulansi ya boma ya umoyo ndi penshoni, kampani imene inapatsa kontirakitayo ntchito ilipire. Funso lanu la m'mawalo si laling'ono. Ku South Korea madalaivala angapo anamwalira ndi kutopa mu 2020, ndipo mu 2021 anagwirizana kuti kusankhula maphukusi ukhale udindo wa kampani. Chotsani mafuta, matayala, sevisi, inshulansi, msonkho ndi ngongole, zotsalazo mugawe ndi maola onse kuyambira pamene mwalowa pageti la depoti.

Woima payekha:
Musawaopseze kwambiri achimwenewa. Ine zikundiyendera, koma chifukwa dera langa ndi la nyumba zothithikana, ndimaimika vani kamodzi n'kupereka angapo. December ndalama imalowa ndithu. January imazizira, koma banki siidziwa zimenezo. Dera lomwazikana musalole.

Wa yuniyoni:
Madalaivala a UPS mu 2023 anapeza mgwirizano wofikitsa okhalitsa pa $49 pa ola, komanso zoziziritsira mpweya m'magalimoto atsopano. Zinatheka chifukwa mamembala a yuniyoni yawo ya Teamsters anali pafupifupi 340,000 okonzeka kunyanyala ntchito. Inuyo mukakambirana nokha ndi bamboyo.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Mawa ndikawapempha kontirakiti yolembedwa, andionetsenso dera lake pamapu. Mayi a mabuku, ngati atasintha mtengo wa phukusi ngongole ndisanamalize, pali mawu amene ndingapemphe alembedwe oti anditeteze?