Ana akungodikira manotsi, ndingatani kuti maphunziro aziwatenga ngati awo?

chokochoyera:
Aphunzitsi anzanga ndithandizeni nzeru. Ana anga mkalasi ndi omvera ndithu, sachita phokoso, koma ukangosiya kulemba pa bolodi nawonso zolembera pansi nkumangokuyang'ana. Ukayamba kufotokoza chinthu funso lawo ndi limodzi, "zimenezi zibwera pa mayeso?" ukati ayi basi makope atsekedwa. Zimandiwawa chifukwa ndi ana anzeru. Mnzanga wina akuti ndiyambe ndawafunsa zinthu zimene iwowo amaziona kuti nzofunika pamoyo wawo, koma zimenezo zikukhudzana bwanji ndi kulimbikira masamu? Alipo anayesapo?

mkhalakale_mkalasi:
Zimakhudzana kwambiri aphunzitsi. Mwana salimbikira chinthu chimene mumtima mwake akuti ncha eni ake. Akatswiri a zamaganizo Edward Deci ndi Richard Ryan anazifotokoza bwino mu 1985, kuti munthu amagwira ntchito ndi mtima wonse akamamva kuti wasankha yekha, akamaona kuti akuitha, komanso akamaona kuti omuzungulira akumuwerengera. Ndiye kalasi ya manotsi okhaokha imapha choyambacho tsiku ndi tsiku.

Ine kumayambiriro kwa teremu ndimalemba pa bolodi zinthu ngati banja, kuona mtima, chikhulupiriro, anzako, kuthandiza ena, luso la manja, masewera. Aliyense asankhe ziwiri kapena zitatu, alembe chifukwa chake komanso nthawi imene chinthucho chinamugwira mtima. Sindichonga, palibe malikisi, ndipo siziwerengedwa pamaso pa anzawo, apo ayi palibe angalembe zoona. Geoffrey Cohen ndi anzake anayesa zofanana ndi zimenezi ku America, zotsatira zinatuluka mu 2006, ana a giredi 7 analemba pafupifupi mphindi 15 zokha koma malikisi a ana akuda, amene ankatsalira kumbuyo, anakwera. Kwa ine kamtsikana kena kachete kanalemba zosamalira ang'ono ake, titafika pa phunziro la matenda oyenda m'madzi ndinangokafunsa kuti iwe mng'ono wako akatsegula m'mimba umatani, eee kanayankhula mpaka anzake kutembenuka, mawa lake kanabwera ndi mafunso ake ake olemba kuseri kwa kope.

silabasi_siidikira:
Sindikutsutsa akuluakulu koma tisanamizane, kapepala kamodzi sikasintha mwana amene wazolowera kumezetsedwa kuyambira kalasi yoyamba. Komanso ana ndi ochenjera, mukawafunsa chofunika pamoyo wawo onse alemba "ulemu ndi kulimbikira sukulu" chifukwa akudziwa kuti nzimene aphunzitsi akufuna kumva. Bola kuwazembera. Afunseni chimene chimawakwiyitsa akachiona chikuchitikira mnzawo, munthu amene amamusirira ndi chifukwa chake, zimene amachita popanda wowatuma. Pamenepo mpamene zenizeni zimatulukira.

Za kusankhazo, mutu wa phunziro sangasankhe, silabasi ilipo ndipo mayeso sadikira munthu. Koma pa mafunso 10 atha kusankha 6, atha kusankha kufotokoza pakamwa kapena kujambula, atha kupanga okha mafunso ofunsa gulu lina. Chomalizachi ndimachikonda kwambiri chifukwa kuti mwana apange funso lokola anzake ayenera kuwerenga kaye.

mayi_wa_anyamata:
Ine si mphunzitsi, ndine kholo chabe, koma ndaona kusintha kwa mwana wanga. Aphunzitsi ake anayamba kuwauza kuti asanapereke homuweki azilemba pansi pake mzere umodzi, pamene amva ndi pamene asokonezeka. Poyamba ankangolemba "ndamva zonse" kuopa kuoneka mbuli, ataona kuti amene alemba zoona ndi amene akuthandizidwa anamasuka, pano amabwera nkunena yekha kuti amayi ma fraction ndikutha, chikundivuta nkugawa. Kale ukamufunsa za kusukulu yankho linali "bwino" basi. Ndipo musaganize kuti nza ana olemera okha, Maria Montessori sukulu yake yoyamba anatsegula mu 1907 kudera la anthu osauka mumzinda wa Rome, ana ankasankha okha chochita ndipo zinkayenda.

chokochoyera:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi mafunso ozemberawo, kenako kamzere ka pansi pa homuweki. Koma a mkhalakale, mapepala aja akalemba mumasunga ndinu kapena mumawabwezera eni ake?