Poker: KK (mafumu awiri) pa bubble ya satellite, ndinalakwa kapena ndi tsoka chabe?

Kondwa wa ku Tembisa: Anzanga ndithandizeni maganizo, usiku wonse sindinaone tulo. Dzulo ndasewera satellite ija ya live (kampikisano ka poker ka pamasom'pamaso kopezera mpando mu tournament yaikulu) kuno ku Joni, mipando 5 yolowera main event, mpando uliwonse R10,000. Tinatsala anthu 6, ndiye kuti mmodzi yekha ndi amene abwerere chimanjamanja, bubble ndi imeneyo. Blinds 5,000/10,000, ante 10,000 akulipira wa big blind (onsewa ndi ma chip oika mokakamizidwa usanaone makhadi). Ine ndili pa big blind ndi 120k ndisanaike kanthu. Onse afolda mpaka pa button (malo omaliza kusewera ma blind asanayankhe), mkulu wa ma chip ambiri uja anali ndi 210k, wangoti all-in. Small blind wataya. Kusuzumira makhadi anga, KK. Sindinaganize nkomwe, call. Iye A7 zosiyana mtundu, ace yatulukira pa turn (khadi lachinayi la pakati), basi ndanyamuka anthu asanu aja akupatsana manja. Theka la buy-in anandiikira Mjomba nde ndikufuna ndiwauze zoona, ndi tsoka kapena ndine ndinaphonya?

Fada T: Aise ukufunsanji apa? KK sitaya. A7 uja umamudya pafupifupi ka 70 pa 100, wangokumana ndi ace basi. Imwa madzi ugone kkkk

Nachisale: Fada dikirani kaye. Kondwa tiuze ma stack a anthu ena onse, ndi pomwe anakhala.

Kondwa wa ku Tembisa: Small blind anali ndi 110k. Kumanzere kwanga UTG (woyamba kusewera) kunali kamnyamata ka 20k, kenako wina 45k, cutoff (wa kumanja kwa button) 95k. Zonse pamodzi 600k

Nachisale: Wa 20k uja anali kumanzere kwako, ndiye kuti hand yotsatira big blind ndi yake? 10k ya blind, 10k ya ante, watha yense osasankha nkomwe makhadi?

Kondwa wa ku Tembisa: Eya. Eish

Nachisale: Ndiye pepa mchimwene wanga, linali fold. Osati fold lokayikitsa ayi, lowonekeratu. Ndaika manambala ako mu ICM, njira yowerengera mwayi wako wa mphotho potengera ma stack a onse. Ukataya KK utsala ndi 100k, button akwera pa 235k, small blind 105k, enawo 95k, 45k ndi 20k. Pa ma stack amenewo mwayi woti iweyo ukhale woyamba kutuluka ndi pafupifupi 6 pa 100, kutanthauza kuti mpando unali kale mmanja mwako ka 94 pa 100 ungokhala phee manja pamiyendo. Tsopano ukapanga call, tinene kuti mkulu uja akukankha ndi makhadi aliwonse omwe wapatsidwa, KK imawina pafupifupi 82 pa 100. Ukawina ufika 235k, mpando ndi wako pafupifupi 99 pa 100, koma ukaluza watuluka. 82 kuchulukitsa ndi 99 ikubwera cha mma 81. Wasiya 94 nkutenga 81. Pa mpando wa R10,000 ndiye kuti call imeneyo yakudyera cha mma R1,300 makhadi apakati asanatsegulidwe nkomwe.

Fada T: Asisi mukutanthauza kuti ngakhale AA mukanataya??

Nachisale: Ndikanataya ndithu. Kuti call ilipire pamenepo umafunika kuwina ka 95 pa 100, chifukwa 94 kugawa ndi 99 ndi pamenepo. AA pamaso pa makhadi awiri osadziwika imawina cha mma 85 basi. Palibe hand mu deck monse yofika 95 flop (makhadi atatu oyamba apakati) isanatuluke. Komanso ICM sidziwa kuti blind ikugwera ndani, imangowona ma stack. Ukawonjezera zoti kamnyamata kaja kanali all-in mokakamizidwa hand yotsatira, fold ikukoma kuposa pamenepa.

Fada T: Ine zimenezo mutu wanga ukukana. Munthu udikire maola asanu kuti uone AA kenako uitaye? Nde tikusewereranji

Madala Jere: Fada mwana wanga, vuto lako ukusewera kuti uwine ma chip. Mu satellite mulibe nambala wani. Wa 500k ndi wa chip imodzi, onse akapulumuka amalandira chikalata chofanana. Ma chip omwe Kondwa akanawina pa hand ija sakanamugulira chilichonse chatsopano kupatula ka 5 pa 100 kaja, pomwe omwe anaika pangozi anali moyo wake wonse pa tebulo. Zili ngati wakwera kale basi ya ku Blantyre, tikiti mthumba, mpando uli nawo, nde ukutsika pa Park Station kukamenyera mpando wa pawindo basi ili pafupi kunyamuka. Ine ndinaziphunzira mowawa zaka zapitazo ndi QQ, ndinayenda wapansi mtunda wautali ndikudziyankhulira ndekha ngati wamisala.

Kondwa wa ku Tembisa: Madala chomwe chikundipweteka nchoti zimenezi ndimazidziwa. Pa intaneti ndinafoldapo AK ndi JJ pa bubble kambirimbiri. Koma dzulo zinangochoka mmutu

Madala Jere: Sizinachoke, sunaziwone. Pa kompyuta chilichonse amakulembera, stack ya aliyense ili mu big blinds pansi pa dzina lake, lobby ikukuuza kuti uli nambala 2 mwa 6, time bank ikukuwerengera. Live palibe amene akuuze. Ndikufunse, usanatsegule makhadi ako unkadziwa kuti wa kumanzere kwako ali ndi 2 big blinds?

Kondwa wa ku Tembisa: Ndinkadziwa kuti ndi wochepa koma ndimaona ngati ali ndi 50k kapena 60k. Anali ndi mulu wautali ndithu, kuti ndi ma 1,000 okhaokha ndinazindikira nditatuluka kale

Madala Jere: Ndi pamenepotu pomwe hand inatayikira, osati pa turn. Ntchito ya pa bubble ya live ndi kuwerenga milu ya anzako nthawi yomwe suli mu hand. Ambiri amaunjika ma chip 20 pa mulu umodzi, nde yang'ana mtundu wake, werenga milu, chulukitsa. Malamulo a TDA (bungwe la oyendetsa ma tournament) omwe ma tournament ambiri amatsata amati ma chip akuluakulu azikhala poonekera, ndipo uli ndi ufulu wowona bwino stack ya mnzako kuti uyerekeze. Wina akabisa kuseri kwa manja uza dealer mwaulemu kuti aziike poyera. Ine dealer akamasakaniza makhadi ndimazungulira tebulo ndi maso, uyu 4, uyu 9, uyu 11, ndipo ndimadziuza ndekha kuti hand ikubwerayi wina akakankha ndikuyitana ndi chani. Yankho ndimakhala nalo makhadi ndisanawaone. Chifukwa ukayamba wawona mafumu awiri aja magazi amathamanga, pakamwa pamayankha pokha, ndipo live ukangoti call watero basi, mawu sabwezedwa.

Nachisale: Ndiwonjezere pa za Madala. Pa intaneti tebulo limodzi limakupatsa ma hand owirikiza kawiri kapena kuposa pa ola kuyerekeza ndi live, nde ena timatsegula matebulo anayi asanu. KK umaiona kangapo usiku umodzi, siikudabwitsa. Live ndi ma hand 25 kapena 30 pa ola, ndipo KK imabwera kamodzi pa ma hand 221, utha kukhala tsiku lonse osaiwona. Ikafika imaoneka ngati malipiro a kupirira kwako konse. Nchifukwa chake anthu omwewo amene amafolda bwinobwino pa kompyuta amakanika pa tebulo.

Fada T: Chabwino ndagonja pa satellite. Koma musamusokoneze mwanayu akayambe kutaya KK paliponse

Nachisale: Apo mukunena zoona Fada. Ikanakhala tournament wamba yomwe nambala wani amatenga gawo lalikulu la ndalama ndipo min cash (mphotho yotsikitsitsa) ndi kachepe, KK pa 12 big blinds ndi call yothamangira, olo pa bubble. Kumeneko ma chip owonjezera ali ndi ntchito, amakufikitsa pa final table. ICM imakufinyako pang'ono, mwina utaya AJ kapena 77 yomwe ukanayitana nayo kumayambiriro, koma osati mafumu. Ndi mphotho zofanana zokha zomwe zimafikitsa zinthu pamenepa.

Mjomba: Ndawerenga zonse ndili ku ntchito. Kondwa, za ndalama yanga usade nkhawa, ndinagula theka la action ndikudziwa kuti satellite munthu amatha kutuluka. Ukanandiuza kuti tsoka basi ndikanakhulupirira, nde wachita bwino kubweretsa hand yonse pano. Koma ine funso langa lili pa mkulu wa pa button uja. Iyeyo anasewera bwino? Chifukwa 210k pa 600k mpando anali nawo kale, akanaluza kwa Kondwa akanatsika pa 100k nkuyamba kutuluka thukuta naye

Nachisale: Funso labwino Mjomba. Pa pepala, ngati ma blind onse awiri akudziwa kuti sayenera kuyitana ndi chilichonse, button atha kukankha makhadi aliwonse, olo 72, chifukwa palibe amuyitane, angotola 25k yaulere. Ma solver (mapulogalamu owerengera kaseweredwe koyenera) ngati ICMIZER ndi HRC amaonetsa zotero pa malo ngati amenewa. Koma zonsezo zatsamira pa mawu akuti ngati. Akangokhala ndi munthu woyitana ndi KK, QQ, AK, phindu lake limasungunuka, chifukwa 25k ija ikumuwonjezera kachidutswa kochepetsetsa pa mpando womwe ali nawo kale, pomwe akaluza mwayi wake wotuluka ukukwera kufika pomwe panali Kondwa paja.

Madala Jere: Ndipo ma satellite ang'onoang'ono a live odzaza ndi anthu oyitana. Ndawonapo munthu akuyitana ndi AJ pa malo ngati omwewa nkumanena kuti sangalole kuopsezedwa. Ine ndikakhala ndi 210k pamenepo, wa 2 big blinds akulowa blind hand yotsatira, makhadi ndimangowayang'ana mwa mwambo nkubweza kwa dealer. Call yolakwika imapweteka onse awiri, woyitana ndi wokankha. Amene amapindula ndi aja akhala pambali. Dzulo munthu amene anasangalala kwambiri ndi call ya Kondwa ndi kamnyamata ka 20k kaja, kanapeza mpando wa main event kali ndi 2 big blinds, kosagwira khadi.

Kondwa wa ku Tembisa: Kanandikumbatira kkkk ndimadabwa kuti chikondi chachokera kuti

Fada T: Kkkkkk wamulipirira fizi mwana wa eni

Kondwa wa ku Tembisa: Nanga tinene ndafolda, hand yotsatira iye ali all-in pa blind, ine ndili small blind. Ndimasewera bwanji pamenepo?

Madala Jere: Pamenepo mukufuna anthu ambiri alowe mu pot motchipa kuti mmodzi mwa inu amugunde. Wawonjezera 5k kukwanitsa blind, ena alowanso, kenako aliyense amangocheka (osabetcha) mpaka river, khadi lomaliza, palibe chifukwa chothamangitsa mnzako mu pot yomwe cholinga chake nkutulutsa munthu mmodzi. Ukabetcha ndi ka pair kako nkuthamangitsa wina yemwe akanapanga straight, wamupatsa moyo wamng'onoyo. Koma chenjera, izi zimachitika mwakachetechete aliyense akudziwa yekha. Ukangotsegula pakamwa kuti tiyeni ticheke tonse, imeneyo ndi collusion (kugwirizana mwachinyengo), floor (woyang'anira masewera) akupatsa penalty ndipo akhoza kukuchotsa. Komanso zochedwetsa dala masewera, pa tebulo limodzi lotsala sizikuthandiza kanthu, wina angokuitanira clock.

Nachisale: Ndipo akapulumuka ulendo umenewo usatekeseke, werenganso. Iye afika mwina 40k kapena 50k, wa 45k uja nayenso blind ndi ante zikumudya 20k hand yotsatira. Iwe round iliyonse ikukudyera 25k, nde ndi 90k uli ndi ma round atatu ndi kanthu, iwo sapitirira awiri. Zikasintha, ang'ono onse awirikiza ndipo iwe ndi amene watsala pansi, pamenepo ndiye uyambe kukankha wekha, ndipo ukankhe pa ma stack apakati omwe akuopa kutuluka, osati pa wamkulu kapena pa amene watsala pang'ono kufa. Kukankha ndi kuyitana ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, wokankha amatha kuwina popanda showdown (kuonetsana makhadi).

Fada T: Chris Moneymaker analowa main event ya WSOP (World Series of Poker) ya 2003 kudzera satellite ya pa PokerStars nkukawina $2.5 million, inu mukuti iyeyo ankawerenga ma ICM anuwa?

Nachisale: Nthawi imeneyo main event inali ndi anthu 839 Fada, ndipo ma solver kunalibe. Lero ana a zaka 21 amagona ndi solver ya GTO Wizard pafoni. Musatengere za 2003

Mjomba: Tamvanani apa. Loweruka kuli satellite ina, Kondwa ndikuikiranso theka monga kale. Koma pasanafike Lachisanu ukhale ndi asisi Nachisale mudutse ma bubble angapo, usinthe ma stack uone pomwe KK ikubwerera kukhala call, ndikufuna uzidziwe ndi maso osati kuloweza. Ndipo pa break iliyonse mukatsala matebulo awiri unditumizire ma stack a tebulo lako mu big blinds, osati kuti ndikuuze chochita, ndingofuna ndione kuti ukuwerenga.

Kondwa wa ku Tembisa: Zamveka Mjomba, zikomo. Asisi Lachitatu madzulo muli free? Ndiweruka 6

Nachisale: Lachitatu bho, cha mma 8. Ubwere ndi ma hand history a ma satellite ako a pa intaneti a mwezi uno, tiyambire pamenepo. Ndipo structure ya Loweruka uifunse, ngati ma level ndi a mphindi 15 kapena 20, ndi mipando ingati.

Madala Jere: Ine Loweruka ndikhalapo, ndikusewera cash game pambali. Kondwa ukandipeze registration isanatseke ndikuwonetse mawerengedwe a milu pa matebulo omwe ayamba kale.