Tingatani kuti anthu azituluka kukavota kuno ku Mangochi?

Wa ku Mpondasi:

Akuluakulu, zikomo. Kuno kuli kagulu ka achinyamata 20 kamene kakufuna kudzipereka kulimbikitsa anthu kuti azikavota, makamaka pa zisankho zapadera za makhansala ndi aphungu zimene anthu amangozinyalanyaza. Sitili kuchipani chilichonse, thumba la ndalama tilibe, chomwe chilipo ndi miyendo, njinga zisanu ndi mafoni. Tiyambire pati? Pamafunika chilolezo kodi? Ndipo chenicheni chimene chimamutulutsa munthu m'nyumba n'kukaima pamzere n'chiyani? Zoyenda ndi chimkuzamawu zija tikuona ngati anthu amangovina nyimbo n'kubwerera kwawo.

Mlangizi wa ku Namwera:

Achimwene, yambani ndi chilolezo musanaponde pakhomo la munthu. Mabungwe ophunzitsa anthu za chisankho amavomerezedwa ndi bungwe loyendetsa zisankho la Malawi Electoral Commission (MEC), ndipo kagulu ngati kanuko njira yapafupi ndi kudziphatika ku bungwe lovomerezeka kale. Pitani pa boma ku ofesi ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za demokalase ndi zisankho, kapena ku bungwe la mpingo kapena la Chisilamu limene likugwira kale ntchitoyi, mukapemphe kuti akuphunzitseni, akupatseni timapepala ta MEC ndi kalata yokuzindikiritsani. Mukatero mukadziwitse ofesi ya DC, kenako gogo chalo, gulupu ndi nyakwawa za midzi imene muziyendamo. Kulowa m'mudzi ndi kope m'manja mfumu isakudziwa, dzuwa lisanalowe mbiri ikhala itamveka kale yoti kwabwera anthu olemba mayina kuti abere mavoti.

Tsopano nkhani ya nthawi. Ambiri amayamba kukuwa kwatsala sabata imodzi, pamene ambiri a anthu osavotawo anatayika kalekale. Munthu amagwa pa makomo anayi. Loyamba ndi chiphaso cha unzika chochokera ku bungwe lolembetsa nzika la NRB, popeza popanda icho sangalembetse m'kaundula wa mavoti. Chiphasochi munthu amayamba kutenga ali ndi zaka 16, ndiye mwana amene adzakwanitse zaka 18 pofika tsiku lovota muyambe kumukankha lero. Lachiwiri ndi kalembera weniweniyo, amene amakhala masiku owerengeka pamalo amodzi, ndipo pa chisankho chapadera masikuwo amachepa koposa. Lachitatu ndi nthawi yoona mayina m'kaundula komanso yosamutsa dzina. Lachinayi ndiye tsiku lovota. Wagwa pakhomo loyamba, ngakhale mumuimbire nyimbo usiku wonse, sadzavota.

Kagawidwe kake ndi aka. Anthu 20 akhale magulu khumi a awiriawiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo mmodzi mwa awiriwo azilankhula Chiyao bwinobwino, osati chongopatsira moni. Gulu lililonse litenge midzi yake yokhazikika, lisamasinthesinthe, chifukwa munthu amamvera nkhope imene waiona kachiwiri. Pa tsiku awiriwo angayendere makomo 15 mpaka 20 ngati akukhala pansi n'kucheza. Wokuuzani kuti wayenda makomo 60 ndiye kuti amangogawa mapepala ngati wogulitsa mankhwala a makoswe.

M'kope muzilemba zinthu zisanu zokha: mudzi, mwini khomo, chiwerengero cha anthu oyenera kuvota pakhomopo, malo amene analembetsera, ndi chomwe chingawalepheretse. Nambala ya chiphaso cha unzika kapena cha voti musalembe, musajambule ndi foni, ngakhale kuchigwira kumene musachigwire. Mwini wake akuonetseni chili m'manja mwake. Nkhani zogula ziphaso ndi kulemba manambala zinawaopseza anthu, ndipo mukagwidwa nazo mudzafotokoza kupolisi, osati kwa ife.

Khomo lililonse muliyendere katatu: nthawi ya kalembera, nthawi yoona mayina, ndi masiku awiri kapena atatu chisankho chisanachitike. Paulendo wachitatuwo musalalikire. Funsani mafunso atatu basi: mudzapita nthawi yanji, mudzapita ndi ndani, ana adzatsala ndi ndani? Munthu akayankha yekha kuti “ndidzanyamuka ndikangoswali m'mawa, ndidzadutsira kwa achemwali”, ameneyo tsikulo wapita kale.

Mayi a ku Chembe:

Ndiwonjezere za kunyanja, chifukwa ndondomeko yakumtunda siigwira pagombe. Msodzi wa usipa amalowa m'madzi madzulo, amachezera ndi nyali usiku wonse, amakocheza m'mawa, agulitse nsomba, agawane ndalama ndi alovi anzake, kenako tulo. Pa chisankho cha pa 16 September 2025 malo ovotera ankatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 4 koloko madzulo, osati 6 koloko ngati kale. Msodzi amene wagona 10 koloko akudzidzimuka dzuwa litapendeka, mzere watsekedwa. Choncho uthenga wake ukhale woti akangotsika m'bwato apite kaye akavote, tulo pambuyo. Ndipo yang'anani mwezi kumwamba: tsiku lovota likagwera nthawi ya mdima, pamene usipa umabwera ku nyali, maboti onse amakhala pamadzi ndipo ntchito yanu ikula. Likagwera mwezi uli mbee, ambiri amakhala kumtunda akusoka maukonde.

Amene muyenera kulankhula naye si mlovi ayi, koma mwini zida ndi komiti ya pagombe ija ya BVC. Mwini chilimira, khoka lija lophera usipa, akanena kuti usiku wa pa tsiku lakuti boti silipita, anyamata khumi apezeka pamzere. Mukalankhula ndi anyamata okha, adzakuvomerani mwaulemu, bwana wawo akaliza injini onse akwera.

Vuto lalikulu ndi kusamuka. Munthu analembetsa ku Msaka, koma nsomba zamukokera ku Makanjira, mwina mpaka ku Salima. Voti amaponyera pamene analembetsera, pokhapokha atasamutsa dzina pa nthawi imene MEC yaika. Ndiye pa ulendo wachiwiri uja funsani kuti mwezi wachisankho adzakhala gombe liti. Amayi oyanika usipa pathandala nawo m'mawa sangachoke, amadikira maboti, ndipo nsomba ikachedwa kuyanikidwa yaonongeka. Iwowa auzeni za pakati pa 11 koloko ndi 2 koloko masana, pamene mzere umakhala utachepa, ndipo azisiyirana kulondera thandala.

Za a ku Joni musataye nazo nthawi. Amene ali ku Johannesburg savota ali komweko, mayina awo amangodzadza kaundula. Koma mkazi amene watsala pakhomo amavota, ndipo nthawi zambiri ndi iye amene palibe anamufunsapo ngati ali ndi chiphaso.

Che Mwalimu:

Zonse zanenedwazi n'zoona, koma chimene chimapha magulu ngati anuwa ndi kuoneka kuti muli ndi mbali. Kuno mtundu wa malaya umalankhula musanatsegule pakamwa. Chikasu, buluu, chofiira, olenji, zonsezo zili ndi eni ake. Valani zoyera kapena malaya a bungwe limene lakutumani. Munthu akakufunsani kuti “nanga inuyo mukuti tivotere ndani”, ndipo adzafunsa pakhomo lachitatu lililonse, yankho ndi limodzi: zimenezo n'za inu nokha m'kachipinda kovotera. Membala amene akufuna kuchita kampeni atuluke m'gulu mwamtendere akavale malaya a chipani chake, ndi ufulu wake. Ndipo wandale akakupatsani ya mafuta kapena ya fanta, kanani. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota, koma ngakhale lamulolo pakanapanda, mukangolandira kamodzi mudzi wonse udziwa kuti ndinu a uje.

Kumbukiraninso kuti kampeni imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti kuvota kuyambe. Inu kukumbutsa anthu tsiku ndi nthawi mungathe, koma pamasiku amenewo pakamwa panu pasatuluke dzina la munthu kapena chipani, ngakhale mwanthabwala.

Chachiwiri, kutulutsa munthu n'kukaononga voti ndi ntchito yopanda phindu. Voti imaonongeka munthu akachonga anthu awiri papepala limodzi, akalemba dzina lake kapena mawu ena, akaponya pepala losachonga, kapena akadinda chala n'kupinda inki isanaume moti yadetsa bokosi la wina. Agogo ambiri amene sanapite kusukulu amaopa cholembera, choncho auzeni kuti kudinda chala n'kololedwa. Pa chisankho chachikulu mapepala amakhala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, ndipo lililonse lili ndi bokosi lake. Konzani mapepala oyeserera pa katoni, koma musajambulepo tambala, chimanga kapena manja ogwirana. Jambulani chambo, kampango, mcheni ndi usipa, anthu asankhe ndiwo. Amaseka, koma dzanja limazolowera, ndipo palibe angakunamizireni kuti mumaphunzitsa anthu kuchonga chipani chakutichakuti.

Malo opezera anthu ambiri nthawi imodzi alipo kale, simufunika kuitanitsa msonkhano. Lachisanu ikatha swala ya Juma, pemphani shehe kapena imamu anene yekha mawu awiri, chifukwa mawu ake amalemera kuposa anu. Lamlungu kutchalitchi chimodzimodzi. Amayi muwapeze ku banki m'khonde, kusikelo ya ana ndi ku magulu a dawa a amayi achisilamu, ndipo kumeneko apite atsikana a m'gulu lanu. Miyezi ya August ndi September kumakhala zinamwali, ndipo tsiku lotulutsa ana ku jando mudzi wonse umasonkhana, koma musakalowerere mwambo ndi chimkuzamawu. Pemphani mfumu ilengeze yokha. Pamaliro musayerekeze n'komwe. Wailesi za kuno monga Dzimwe, Lilanguka ndi Radio Maria zimamveka m'midzi, ndipo uthenga wa masekondi 30 wa m'Chiyao wonena tsiku, nthawi ndi chonyamula umaposa sewero la ola lathunthu.

Amene adzakuvuteni kwambiri si osadziwa, koma otopa, aja amati “tinavota kangati, msewu wa ku Makanjira uli pati?” Musakangane nawo, ndipo musalonjeze chitukuko chifukwa si inu boma. Akumbutseni zimene anaziona ndi maso. Chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019 khoti linachithetsa pa 3 February 2020, anthu anavotanso pa 23 June 2020 boma n'kusintha, ndipo mu 2025 linasinthanso ndi voti yomweyo. Pa mpando wa pulezidenti wopambana amafunika kuposa theka la mavoti onse, koma kwa phungu ndi khansala amene waposa mnzake ngakhale ndi voti imodzi watenga. Ndiye chisankho chapadera chimene anthu amachinyozacho ndi chimene voti ya munthu mmodzi imalemera kwambiri.

Wa ku Mpondasi:

Zikomo kwambiri nonse. Funso lina: pa tsiku lenilenilo tingathe kunyamula agogo ndi anthu aulumali pa njinga zathu? Nanga amene anataya chiphaso chovotera timuuze chiyani?

Mlangizi wa ku Namwera:

Wotaya chiphaso apite ndithu pamalo amene analembetsera, atenge chiphaso cha unzika ngati ali nacho. Dzina ndi chithunzi chake zikapezeka m'kaundula amavota. Bodza loti wotaya chiphaso savota limakhazika anthu ambiri pakhomo, ndiye limeneli mulitsutse pakhomo lililonse ndi m'magulu a WhatsApp a m'mudzi. Bodza lina ndi loti makina kapena mfumu adzadziwa amene wamuvotera. Papepala sipalembedwa dzina la wovota, ndipo inki ya pachala ntchito yake ndi yoti munthu asavote kawiri basi.

Za njingazo, nyamulani, koma ndi njinga zanu, mosalipiritsa, ndipo munyamule aliyense osafunsa mbali yake. Galimoto kapena njinga yamoto yolipiridwa ndi wopikisana nawo musakwerepo ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Mndandanda wa ofunika kunyamulidwa mutenge m'makope aja usiku wake, mugawane maina, aliyense adziwe makomo ake asanu kapena asanu ndi limodzi. Okalamba, amayi oyembekezera, odwala ndi aulumali saima pamzere, amatsogozedwa, koma ambiri sadziwa ndipo amachita manyazi kupempha, choncho mukafika muuzeni wogwira ntchito ya MEC amene ali pakhomo. Wosaona kapena wosatha kuchonga yekha ali ndi ufulu wosankha munthu amene amamukhulupirira kuti amuthandize. Munthuyo asakhale inu. Mukathandiza agogo asanu m'kachipinda, oimira zipani adzati mwavota kasanu, ndipo simudzawatsutsa.

Mukamutsitsa munthu, chokani pamalopo, musaunjikane pafupi ndi mzere. Cha m'ma 1 koloko masana zungulirani m'midzi yanu mukuyang'ana zala. Wopanda inki mumukumbutse mwaulemu kuti kwatsala maola angapo, ndipo amene wafika pamzere nthawi yotseka isanakwane amavota ngakhale ola litadutsa. Pa chisankho chapadera nthawi zambiri sipakhala tchuthi, ndiye ogwira ntchito m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ndi m'masitolo a pa boma muwauziretu apemphe ola limodzi kwa abwana awo sabata isanafike. Mutengenso zigubu ziwiri za madzi akumwa ndi makapu. Kutentha kwa Mangochi m'mwezi wa September kumabweza munthu amene waima maola awiri, ndipo akapita kunyumba kukamwa madzi sabweranso.