Thandizeni, mwana wanga akukana kuwerenga, za ndakatulo ndiye osanena

Membala wobisa dzina: Moni nonse a m'gulu lino. A admin chonde dzina langa lisaoneke, achibale a bambo a kunyumba ali momwemuno ndipo nkhani imafika kumudzi ola lisanathe. Teremu ino mwana wanga sakupita kusukulu, ndikumuphunzitsa ndekha pakhomo. Anali pa sukulu ina ya pulaiveti kuno ku Area 25 koma anakweza fizi kawiri chaka chimodzi, kuwonjezapo yunifolomu ina ya masewero ndi ndalama ya ulendo womwe mpaka lero ana sanapite. Bambo ake ntchito inatha, panopa amangoti "tiona", koma ya bando yoonera mpira sisowa. Mlamu wanga anabwera kuti akhala sabata imodzi, pano ndi mwezi wachitatu, TV kuyambira m'mawa, ndiye mwana ndikamukhazika pamkeka khosi limakhala litapindikira komweko. Apongozi nawo akuti ndikuwononga mdzukulu wawo, eti mwana wa mlamu wina uja analakatula ndakatulo kutchalitchi anthu mpaka kumufupa, wanga bwanji. Ndinagula tchati cha ABC chopachika pakhoma. Nyimbo yake amaimba yonse osaphonya, koma ndikaloza chilembo chimodzi amangoyang'ana kudenga. Dzulo ndinati alembe ndakatulo yonena za amayi, analira mpaka kugona osadya. Ine ndimagulitsa kaunjika, mpata ndi madzulo okha, magetsi akathima ndiye basi. Nditani kuti ayambe kuwerenga ndi kulemba tindakatulo? Onyoza musavutike, ndatopa kale.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi, za apongozi, za alamu ndi za mpira tamva. Koma mwanayo ali ndi zaka zingati, ndipo anali kalasi yanji? Zochita ndi mwana wa zaka 4 si zochita ndi wa zaka 8.

Wa ku Joni: Vuto lathu a Malawi timakonda kuvutika. Mugulireni tabuleti, muikireni mavidiyo a Chingerezi a pa YouTube, miyezi iwiri adzakhala akuwerenga yekha. Ana anga kuno ku Johannesburg palibe amene ndinakhala naye pamkeka, koma Chingerezi chake mungathawe. Ndakatulo zidzamudyetsa chiyani? Munaonapo munthu atalembedwa ntchito chifukwa cholakatula?

Make Mapasa: Munthu akudandaula fizi inu mukuti agule tabuleti kkkkk. Mutumize ndinu achimwene, marandi muli nawo.

Wa ku Joni: Ndiye umphawi wa m'maganizo umenewo. Tabuleti yogwiritsidwapo kale ntchito siidula kuposa chitenje cha chinkhoswe chimene mumasoketsa mwezi uliwonse.

Mtsikana wa ku Ndirande: Asisi, vuto si mwana, vuto ndi mlamuyo. Mumugulire tikiti ya basi. Wanga anabwera kudzalemba mayeso a MSCE, anachoka ali ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu, ndipo mapoto anga awiri anapita nawo. Osamanyengerera.

Mphunzitsi Wopuma: Podikira zaka zija ndinenepo za tchaticho. Nyimbo ya ABC imaphunzitsa mayina a zilembo m'Chingerezi, ei, bii, sii, koma mwana sawerenga ndi dzina la chilembo, amawerenga ndi liwu lake. Ngati kunyumba mumayankhula Chichewa, yambani ndi a, e, i, o, u. Akazidziwa bwino zisanuzi, tengani m mupange ma, me, mi, mo, mu. Kenako n. Pamenepo ali kale ndi mawu enieni oti awerenge: mano, nama, ana, amama, mame. Ubwino wa Chichewa ndi woti chimawerengedwa momwe chalembedwera, a ndi a paliponse, pamene m'Chingerezi a yemweyo amasintha mamvekedwe mawu ndi mawu. Tchati chanucho chilinso ndi q ndi x zomwe m'Chichewa sitizigwiritsa ntchito, ndipo c sayenda yekha, amakhala ch. Maphatikizo ovuta ngati nkh, mph, ntch ndi ng' asiyeni kaye, abwera pambuyo. Mphindi 15 patsiku zakwana, akayamba kuyasamula lekani.

Wa ku Joni: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, ma me mi mo mu yemweyo ndi amene anatisaukitsa. Mayeso a Sitandade 8 a MANEB amabwera m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa lokha. Intavyu ya ntchito Chingerezi. Kubwalo la ndege Chingerezi. Ndiye mwana ataye nthawi ndi "mano, nama"?

Mphunzitsi Wopuma: Bambo, sindinati asaphunzire Chingerezi. Mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha, ndipo amagwira msanga m'chiyankhulo chimene akuchimva. Akadziwa kuti zilembo zimaimira maliwu, nzeru imeneyo amapita nayo ku Chingerezi. Ndondomeko yowerenga imene boma linayambitsa mu 2016 m'makalasi oyambirira imaphunzitsa zonse ziwiri, Chichewa ndi Chingerezi. Ine ndaphunzitsapo ana a Sitandade 5 otchula mawu a Chingerezi mokoma koma ukawafunsa zomwe awerenga, zii.

Wa ku Joni: Ana a boma omwewo okhala 100 m'kalasi imodzi pansi pa mtengo? Musandiseketse.

Bambo a Chilungamo: Ine funso langa ndi lina. Sukulu ya pulayimale ya boma ndi yaulere kuyambira 1994. Mwana akukhaliranji pakhomo? Ndi manyazi oti aneba aona kuti mwatsika? Ifeyo tinaphunzira konko ndipo tili ndi mabanja. Zophunzitsa mwana pakhomozi ndi za anthu oti mayi ali ndi nthawi tsiku lonse, osati wobwera madzulo atatopa ndi belo la kaunjika. Kamulembetseni, madzulo muzingomuthandiza.

Membala wobisa dzina: Bambo inu simukudziwa nkhani yonse. Sukulu ya boma ili kutali, njira yake ndi yowoloka msewu waukulu, ndipo womuperekeza ndani poti bambo ake amadzuka 9 koloko. Mlamu ndinamupempha kamodzi anati iye si wantchito. Ndipo ndikanena zambiri apongozi amati ndine wamwano.

Mphunzitsi Wopuma: Pepani mayi. Zaka za mwana?

Make Mapasa: Ine zimene zinandithandiza ndi zitsekerero za mabotolo. Ndinatola zambiri pagolosale, n'kulemba phatikizo limodzi pa chilichonse ndi maka: ba, ta, ka, la, ma, mu. Timazithira m'mbale, aliyense atole ziwiri, zikapanga mawu enieni wawina. Ba ndi la, bala. Ka ndi ba, kaba, amakangana okha ngati ndi mawu kapena ayi. Magetsi akathima timachitira pakhonde kusanade. Komanso makala, mulekeni alembe pasimenti, mudzakolopa. Kope ndi pensulo zimaopsa ana ena.

Gogo wa ku Dowa: Ana inu mukuvutika ndi zinthu zapafupi. Kuthima kwa magetsiko ndiye nthawi yabwino. Ife tinkakhala pamoto, wamkulu ati "Padangotero", ife "Tili tonse", nthano ya Kalulu ndi Fisi n'kumapita, pakati pali nyimbo yoti tonse tivomere. Kenako zilapi. Nyumba ya amayi anga yopanda khomo, mwana aganize mpaka apeze kuti ndi dzira. Mwana wokula ndi zimenezi salira ukamuuza za ndakatulo chifukwa mawu ali nawo kale m'kamwa. Inu mukufuna atulutse zimene simunaikemo.

Wa ku Joni: Agogo, nthawi ya Kalulu inapita. Anzathu ana awo akuphunzira kompyuta ali ku mkombaphala.

Mnyamata Wosakwatira: Ine ndili ndi zaka 31 ndakatulo sindinalembepo, ndipo ndikudya bwinobwino. Mwanayo musiyeni, mwina ndi wa masamu kkkk.

Mlakatuli wa Kumudzi: Ndalowa mochedwa koma apa ndiye panga. Mayi, kuuza mwana kuti "lemba ndakatulo" n'kumupatsa pepala loyera ndi chilango, ngakhale ine wamkulu ndimasowa poyambira. Ndakatulo imayamba pakamwa. Inu gwirani cholembera, iye azinena. Mupatseni mzere woyamba woti uzibwerezedwa, iye azingomaliza. Mwachitsanzo:

Nkhuku yathu, nkhuku yathu,
yadya chimanga cha agogo.
Nkhuku yathu, nkhuku yathu,
yathawa galu wa aneba.
Nkhuku yathu, nkhuku yathu,
yagona pa nsapato za adadi.

Mizere yachiwiriyo ndi ya mwana, ngakhale anene zopanda mutu lembani momwemo, osakonza. Mukatero lembani ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni, ajambulepo nkhukuyo, mupachike pomwe pali tchati paja. Mawa muwerengere limodzi mukuloza ndi chala. Adzazindikira mawu oti "yathu" msanga chifukwa abwera kasanu ndi kamodzi ndipo ndi akeake. Musalimbane ndi zoti mizere izithera mofanana ngati za Chingerezi, zathu zimakoma ndi kubwereza ndi kuwomba m'manja. Amene akufuna ndakatulo za pa ukwati ndi pa chinkhoswe andipeze ku inbox, mitengo ndi yokambirana.

Mtsikana wa ku Ndirande: Mwayamba bwino a mlakatuli, mwamaliza ndi malonda kkkk.

Wa ku Joni: Nkhuku yathu nkhuku yathu. Ndiye mwana adzapite nazo kuti zimenezi? Anthu inu mukusewera ndi tsogolo la mwana wa eni.

Mlakatuli wa Kumudzi: Achimwene, mwayankha ndemanga iliyonse pano, kodi kuntchito simunapite lero?

Wa ku Joni: Ndili pa shifiti ya usiku, ndipo ndikunena zoona zokhazokha. Choonadi chimawawa.

Mayi Wopemphera: Ine wanga anafika Sitandade 2 osawerenga, ndinkamukwapula mpaka ndinkalira ndekha usiku. Tinapita kumapemphero, tinasintha sukulu kawiri, ndalama zinapita. Tsiku lina mlongo wanga anaona kuti mwana amayandikira kwambiri pa TV ndipo amatsinzina diso limodzi. Kuchipatala anamuyeza, anali maso. Atalandira magalasi zinthu zinasintha. Ndiye poti mwati amayang'ana kudenga, kamuyezetseni maso ndi makutu musanamutche waulesi. Bambo ake a mwana wangayo anatisiya nthawi yomweyo, koma imeneyo ndi nkhani ina. Mulungu ndi wabwino.

Wokonda Mabuku: Poti muli ku Lilongwe, ku National Library ku City Centre kuli mabuku a ana, mukafunse za kalembetsedwe. Komanso pemphani mnzanu amene mwana wake ali pa sukulu ya boma akubwerekeni buku la Chichewa la Sitandade 1 Loweruka ndi Lamlungu, maphunziro ake anasanjidwa kale mwandondomeko. Ndipo muzimuwerengera inuyo mokweza tsiku lililonse, ngakhale zolembedwa pa paketi ya shuga.

Bambo a Chilungamo: Zonsezi ndi zabwino koma bambo wogona mpaka 9 koloko uja ndiye awerenge ndi mwana. Mpira umayamba madzulo, m'mawa amatani?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, za zitsekerero ndi za nkhuku ndiyesa. Koma kuti mudziwe, wina wajambula positi ino n'kutumizira mlamu wanga, pano wadzitsekera kuchipinda ndipo apongozi aimba kale kawiri. Amene wachita zimenezi Mulungu akuone.

Make Mapasa: Ngati wadzitsekera ndiye kuti TV yathima, yalani mkeka msanga asisi.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi, ndafunsa kawiri. Ngati mwanayo sanakwane zaka 6, zomwe ndi zaka zoyambira Sitandade 1, musamukakamize kulemba, muziimba naye, muzimuuza nthano, ajambule. Ngati wapitirira 7 ndipo a, e, i, o, u sakuzizindikira, tsatirani za maso ndi makutu zija ndipo abwerere m'kalasi teremu ikubwerayi. Tiuzeni kuti tidziwe pothandiza.

Wa ku Joni: Zaka zilizonse, tabuleti imagwira.