Kunyumba amaimirira, kuchipatala amangolira

Moni makolo anzanga ndi a fizio amene muli muno. Mwana wanga wamkazi wa zaka 3 ali ndi cerebral palsy, vuto la mu ubongo limene limasokoneza kayendedwe ka thupi. Kunyumba amakwawa ndi mawondo, amagwira mpando n'kuimirira yekha, n'kusuntha pang'ono atagwira khoma. Tikangofika kuchipatala amalira, thupi lonse gwaa, n'kundikakamira. A fizio amuika pa gawo 4 la GMFCS (muyezo wa magawo asanu wa mmene mwana amatha kusunthira; nambala ikakwera ndiye kuti vuto ndi lalikulu), pomwe zomwe ndimaona tsiku ndi tsiku ndi za gawo 3.

Ndayesa kupita naye atadya komanso atagona mokwanira, ndinatenganso agogo ake amene anawazolowera, koma sizinathandize. Vidiyo ndinajambula pafoni, mzere unali wautali, a fizio sanaione.

Zikundisowetsa tulo chifukwa akukamba za wheelchair, osati choyendera chogwira ndi manja. Alipo amene zinamuchitikirapo? Munatani kuti amuyezenso, ndipo zomwe kholo laona kunyumba amazilemba m'buku la kuchipatala la mwana?